Nota Zitatu za Mkamwini

"Uwafunse, Isabel. Ali pomwepo, si ogontha. Uwafunse kuti ndinawalakwira chiyani ine kuti akandivule pagulu pa Mualadzi."

Mayi Albina ankalankhula atafulatira nkhokwe. Kuseri kwa nkhokweyo kunali mkamwini wawo Xavier, atakhala pa chitsa, mpini wa khasu umene ankasema uli pamiyendo. Mawu onse ankawamva bwinobwino, ngakhale a nyumba ya kutsidya kwa njira ankamva, koma mwambo sulola. Kuno mkamwini ndi apongozi ake aakazi sayang'anana kumaso ndipo salankhulana pakamwa ndi pakamwa. Akakumana panjira, wina amapatukira m'tchire. Ndiye pakati pawo panaima Isabel, mwana mmodzi yekhayo wa mayi Albina, ali ndi kamwana kumsana, ntchito yake kutola mawu uku n'kukatula uko.

"Amayi akufunsa kuti anakulakwirani chiyani."

"Uwauze kuti palibe," anatero Xavier motsitsa. "Ndalamazo ndinalandira kwa wogula soya uja wa galimoto ya kamiyao yoyera, mmene analandirira aliyense m'mudzi muno."

"Akuti ndalamazo..."

"Ndamva, makutu ndili nawo."

Zimene zinachitika m'mawa wa tsikulo n'zoti sungamufunire mnzako. Xavier atagulitsa soya amene analima m'munda wa apongozi ake, anatumiza kwa iwo nota zitatu za mil, ndalama zamapepala za metikali chikwi iliyonse, zothokozera munda. Zinali zatsopano, zosapindika, zolira tswatswa ukazigwira. Mayi Albina anazilandira ndi manja awiri, nazisunga m'buku la mapemphero sabata yathunthu. Tsikulo anavala kapulana yawo, chitenje cha gulu la amayi a kutchalitchi, limene iwo ndi mtsogoleri wake, nayenda wapansi mpaka pa Mualadzi kukagula malata a kakhitchini kawo. Mwini loja, sitolo ya malatayo, anatenga nota imodzi, anaitikita ndi zala, anaiyang'anitsa kuwala kwa pakhomo, kenako ananyowetsa chala ndi malovu n'kuipaka. Utoto unatsalira pachala. Anayala zitatu zonsezo pa tebulo, ndipo nambala inali imodzimodzi pa zonse.

"Falso, zabodza izi," anatero mokweza, ngati akuitana anthu a kumsika, ndipo anabweradi. Mwini lojayo anakhomera notazo ndi msomali pa thabwa kuti wolowa aliyense aziziona, nawauza kuti athokoze imvi zawo, chifukwa akanakhala wachinyamata bwenzi akukafotokoza ku polisi. Pakhomo panali amayi awiri amene mayi Albina amawatsogolera korona Lachinayi lililonse. Sanaseke, ndipo kusasekako n'kumene kunawawa kwambiri.

"Tsopano uwafunse ichi," anapitiriza mayi Albina. "Dzana iwo anagula tayala la njinga, shuga ndi mafuta mu loja yomweyo. Ndalama zawo za soya yemweyo. Zawozo bwanji sanazikhomere pa thabwa?"

Isabel anatembenuka, koma sanabwereze funsolo. Kuseri kwa nkhokwe kunangomveka mpeni ukupala mpini.

"Wamva yankho lawo?" anatero mayi Albina. "Inenso ndalimva."

Kuyambira tsiku limenelo chilichonse cha Xavier chinayamba kununkha. Zaka zinayi anakhala pamudzipo, wolima, wosamwa, wopanda mwano, ndipo mayi Albina ankamutama kwa anzawo mpaka anzawowo kutopa nazo. Tsopano anayamba kukumbukira zina. Munthuyu anabadwira ku Zambia makolo ake atathawa nkhondo, nakulira pa Cassacatiza, pamalire, pamene ana amadziwa kusiyanitsa kwacha ndi metikali asanaloweze Atate Athu. Wotereyu n'kumupusitsa ndi pepala? Foni yake ikalira, iye n'kupita nayo kukhola la mbuzi, mayi Albina ankati ndi anzake a chinyengo. Akachedwa kudimba, ankati wachokera kogawana. Ngakhale nkhuni zimene anawasiyira pakhomo Lachiwiri anaziyang'ana kawiri, ngati nazonso zingakhale zabodza.

Lachisanu akutonola chimanga pamphasa, anamupanikiza Isabel.

"Tsiku limene anabwera nazo ndalamazo unalipo?"

"Ndinalipo."

"Anangotapa zitatu pamwamba n'kukupatsa kuti ubweretse kuno?"

Isabel anayang'ana chitsononkho chimene chinali m'manja mwake.

"Ndikufunsa iwe. Ndinakubereka ndine, bodza lako ndimaliona lisanatuluke pakamwa."

"Anaziyala pamphasa."

"Kenako?"

"Anazipatula. Zina uku, zina uku."

"Zanga zinachokera mulu uti?"

"Waung'onowo. Koma amayi, iwo sankadziwa."

"Wosadziwa amapatula?"

Mayi Albina anapsa mtima, inde, koma panalinso kachisangalalo kena koipa, ka munthu amene wapeza umboni woti sankapenga. Anaimirira, anasasa kapulana, napita kukaitana mchimwene wawo, a Bento, amene ndiwo mwini mbumba, oweruza nkhani za ana a alongo awo.

A Bento anabwera Loweruka masana. Ankhoswe a Xavier anali kutali, ndipo mayi Albina anakana kudikira. Anakhala pansi pa mtengo wa mango, mayi Albina chapambali, nkhope atalozetsa kwina. Anthu oyandikana nawo anayamba kupeza zifukwa zodutsira pamenepo. Wina anadzabwereka sefa, wina anati akufuna nkhuku yosochera, ndipo palibe amene anachoka.

"Akamwini," anayamba a Bento, "akuti ndalamazo munachita kuzipatula. N'zoona?"

"N'zoona, amalume."

"Chifukwa?"

Xavier anafotokoza. "Zambiri zinali zakuda, zofewa ngati sanza, zina zomatamata, zonunkha nsomba. Zatsopano zinali zitatu zokha. Ndinaona kuti kwa apongozi sindingatumize sanza. Zonyansazo ndinatsala nazo ine."

A Bento anatsokomola, nayang'ana zala zawo za kumapazi. Mayi Albina sanawapatse mpata.

"Achimwene, muwafunse. Ngati ndi choncho, tsiku lija analekeranji kunena? Atenga masiku khumi akuphika yankho limeneli."

"Ndinachita mantha," Xavier anayankha kwa a Bento. "Ndinaona kuti ndikanena kuti ndinasankha, zikhala ngati ndavomera mlandu."

"Muwafunsenso. Mudzi wonse unagulitsa soya kwa munthu yemweyo. Inunso achimwene munagulitsa. Walira wina ndani? Zabodza zonse zinangodziwa njira ya kwa Albina yekha?"

Anthu anang'ung'udza movomereza. Kunena zoona funsolo linali lolemera.

"Ndalama ndi ndalama," anatero a Bento pomaliza, mawu ali pansi. "Yakuda, yoyera, imagula chimodzimodzi. Nkhani yosankhayi ikuvuta kuimva."

"Ine yanga ndi imodzi," anatero mayi Albina, ndipo apa anakweza kuti amve ndi a sefa omwe. "Malo ano ndi anga, munda ndi wanga. Wakuba sindikhala naye pakhomo."

Isabel anangoti, "Amayi," basi. Xavier anaimirira pang'onopang'ono, anaomba m'manja mwaulemu kwa a Bento, nalowa m'nyumba. M'mawa mwake anamanga bulangete ndi malaya pa njinga. Khasu analisiya, poti linali la pamudzi. Ananyamula mwana wake Celina kanthawi, namubweza kwa mayi ake, nalowera njira ya ku Cassacatiza.

Mayi Albina anayembekeza kuti mtima ukhala pansi. Sunakhale. Kukayikira kukalowa m'nyumba sikutuluka ndi munthu amene wathamangitsidwa. Kumatsala, kumafuna wina. Mwina Isabel ankadziwa zonse. Mwina mwini loja ali nawo m'gulu. Lachinayi pa korona anaona amayi awiri aja akunong'onezana, ndipo anasokoneza chiwerengo cha Tikuoneni Maria, chinthu chimene sichinawachitikirepo. Kunyumba Isabel ankawapatsa moni, ankawatungira madzi, ankayankha inde ndi iyayi, koma nkhani panalibe.

"Ukundikwiyira chifukwa ndakuchotsera minga pamphasa?" anamufunsa tsiku lina.

"Sindinakwiye."

"Amakuimbira mwamuna wakoyo?"

"Amafunsa mwana."

"Ndalama akakutumizira usalandire. Sindifuna mapepala pakhomo pano."

Isabel ananyamula ndowa napita kuchitsime, ngakhale mitsuko yonse inali yodzaza.

Patatha masabata awiri, Lamulungu, mapemphero atatha, katekista Gideoni anapempha kuti anthu asatuluke. Ndi munthu wosathamanga polankhula, ndipo tsikulo anachita kunyanya. Anatulutsa envulopu m'thumba, naiika pa tebulo, nayang'ana anthu.

"Chopereka cha masika chija tinasonkha mwezi watha, abambo ansembe a parishi anapita nacho ku banki ku Tete. Kuchokera m'tchalitchi chathu chino chokha, nota khumi ndi imodzi azibweza. N'zabodza."

Anthu anayamba kubana maso.

"Musayang'anane. Maina a pa maenvulopu ndawaona, ndipo sinditchula. Si akuba. Ndi anthu amene anagulitsa soya kwa mkulu wa kamiyao yoyera uja, amene ankagula mokwera kuposa onse, injini ili chilirire, akuti akuthamangira malire asanatseke. Munthu ameneyu amatidziwa kuposa mmene timadzidziwira tokha. Mu mulu wa ndalama zakale zenizeni amaponyamo zatsopano ziwiri zitatu zabodza. Amadziwa kuti ife yakuda timakagulira mchere tsiku lomwelo, koma yatsopano timaisunga. Timaibisa m'Baibulo, timaisungira Mulungu, timaisungira munthu amene timamulemekeza. Pamene tikudzaitulutsa, iye ali kutali."

Ananyamula nota imodzi, nailozetsa pazenera.

"Yeniyeni mukaiyang'anitsa kudzuwa, pamalo oyerawa pamaoneka nkhope yobisika m'kati mwa pepala, ndi kaulusi kodutsa kuchokera pamwamba mpaka pansi. Iyi ilibe. Yeniyeni imakhakhala mukaisisita pa zilembo. Iyi ndi yoterera ngati tsamba la kaderno, kope la mwana wa sukulu. Nambala siziyenera kufanana. Ndipo abale, kuyang'ana ndalama pamaso pa amene wakupatsa si mwano. Akakwiya, akwiye. Akati akufulumira, thumba lanu litsike pa sikelo, iye azipita. Amene muli nazo zina kunyumba mubwere nazo, tikapereke ku polisi limodzi. Musakazikankhire kwa nkhalamba yogulitsa nkhuku kuti tsoka lichoke pa inu."

Zotsalazo mayi Albina sanazimve. Anayang'ana kumbali ya abambo, naona a Bento atawerama, chipewa akuchipotokola m'manja ngati akuchifinya madzi. Atatuluka anawapeza kuseri kwa tchalitchi, akufuna kuzemba.

"Achimwene, imodzi mwa zimenezo ndi yanu?"

"Ziwiri."

"Munachita kusankha?"

"Kwa Mulungu ungapereke yong'ambika?"

"Koma pansi pa mango paja munati ndalama ndi ndalama."

A Bento anapukuta kumaso ndi chipewa. "Mnyamata uja atanena zosankha, mtima unandigunda, mlongo wanga. Ndinali nayo ina yatsopano m'sutikesi. Ndinaopa kukaiyang'ana. Ndinati ikapezeka yabodza, anthu adzati Bento, munthu wamkulu, anapusitsidwa ngati mwana, napereka pepala kuguwa."

"Ndiye munalola kuti mwana wa eni apite ndi dzina la wakuba."

"Dzinalo sindinamupatse ine."

Zinawawa chifukwa zinali zoona. Ndipo si a Bento okha. Mwa anthu amene anang'ung'udza pansi pa mango paja, angati anali ndi nota yatsopano padenga, n'kukhala chete kuti manyazi agwere wina? Mayi Albina anayenda njira yonse osapereka moni kwa munthu.

Isabel sanapite kutchalitchi tsikulo, koma nkhani inali itawatsogolera kale. Anamupeza akusambitsa Celina m'beseni.

"Isabel, uwaimbire bambo a Celina. Uwauze kuti..."

"Iyayi, amayi."

Sanakweze mawu, sanasiye n'kusambitsa komwe.

"Zaka zinayi ndakhala ndikunyamula mawu anu ndi awo. Oipa ndinkawatsuka panjira kuti afike abwino. Limodzi lokha munalinena nokha, pamaso pa anthu, osadzera mwa ine. Limenelo mukalichotse nokha."

Lolemba mayi Albina anagulitsa atambala awiri kuti apeze yoyendera. Wogula atawapatsa ndalama, anaziyang'anitsa kudzuwa imodziimodzi, mwamanyazi. Wogulayo sanadandaule n'komwe, anangodikira. Mayi Albina anakwera mota, njinga yamoto yonyamula anthu, ndipo pofika pa Cassacatiza msana wonse unali moto.

Pamalire panali fumbi, magalimoto akuluakulu atandandalika kudikira mapepala, osintha ndalama akukupiza mitolo yawo kwa aliyense wodutsa. Anafunsa kawiri katatu. Anamupeza Xavier akutsitsa matumba a simenti pa kamiyao, mutu uli mbuu. Atawaona anatula thumba, napatukira kuseri kwa galimoto monga mwa chizolowezi. Mayi Albina anamutsatira komweko. Anagwada m'fumbi pafupi ndi tayala, anthu akuona.

"Bambo a Celina."

Aka kanali koyamba kumuitana okha. Xavier anayang'ana uku ndi uku, kusowa kothawira. Anagwada nayenso, nkhope atalozetsa ku tayala.

"Ndinakunenani wakuba. Sindinu wakuba. Munandilemekeza, ine n'kukubwezerani chipongwe. Ndalakwa, ndipo ndikanena zomwezi pansi pa mango paja, pamaso pa onse amene anamva. Tiyeni kumudzi."

Misozi inalemba mizere mu simenti ya kumaso kwa Xavier.

"Amayi, dzukani, mukundichimwitsa. Ndakhululuka, zimenezo zatha. Koma pakhomo paja sindingathe. Mawa mbuzi ikadzasowa, maso adzayamba ndi ine. Inunso mudzayamba ndi ine, ngakhale musafune. Masiku khumi aja ndinkamva maso anu kumsana ngakhale ndili kudimba."

"Ndiye banja lithe?"

"Iyayi. Ndapeza kachipinda kuno, ndipo abale a mayi anga andipatsa polima. Ankhoswe anga abwera kudzapempha kuti Isabel ndi mwana ndiwatenge."

Mayi Albina anadzuka, maondo ali mbuu, nabwerera kokwerera mota.

Ankhoswe anabweradi Loweruka. Asanayambe nkhani yawo, mayi Albina anaitanitsa oyandikana nawo onse, a sefa ndi a nkhuku yosochera omwe, nanena zimene analonjeza, osachotsera. Anthu anayang'ana pansi. Kenako ankhoswe anapempha. Mwa mwambo mkazi sachoka pamudzi wa mayi ake eni mbumba asanalole, ndiye a Bento anakokera mlongo wawo pambali.

"Tikhoza kukana. Mwana ndi yekhayu. Akapita, munda uja alima ndani? Ukadwala akutungira madzi ndani? Tikakana, mnyamatayo atopa, abwera yekha."

Mayi Albina anayang'ana Isabel, amene anakhala pakhonde, maso pansi, mwana pamiyendo. Anafunitsitsa kukana. Ankaopa kukalamba okha.

"Tinamulanda kale dzina, achimwene. Tisamulandenso mkazi. Apite."

Lachitatu m'mawa mota inaima pakhomo. Anamangirira mtolo wa zovala, mapoto awiri ndi kathumba ka ufa kamene mayi Albina anasinjitsa dzulo lake.

"Amayi, mutsala ndi yani?" anafunsa Isabel, phazi limodzi lili kale pa mota.

"Kwera, dzuwa lingamuotche mwana."

Celina anatambasulira agogo ake manja, mota n'kunyamuka. Mayi Albina anaima pamsewu mpaka fumbi linakhazikika. Kenako anakatseka nyumba ya mwana wawo, anamanga chitseko ndi waya kuti mbuzi zisalowemo, nakhala pansi pakhonde pomwepo n'kuyamba kulira.